Wezi, Ukasunge Nkhope Pamodzi ndi Mayina Ake

Kwa Chulu, Kasungu

Wezi mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano, mphepo ya Ogasiti ikulimbana nane pepala, moti ndachita kulipsinja ndi mwala. Iwe ndi amayi ako mwapita kwa Wimbe kukatsanzika azakhali ako, ndiye pakhomo pangoti zii, ndatsala ine ndi nkhuku. Ndasankha kulemba chifukwa ndimadzidziwa. Ndikati ndikuuze nkhani yofunika pamaso, ndimayamba ndi nthabwala, iwe n'kuseka, inenso n'kuseka, mpaka nkhaniyo kutithawa tonse. Kalatayi ndiika m'kachikwama kako ka m'manja, pafupi ndi pasipoti. Ukaipeza usiku uno uiwerenge, ndipo udzaibwerezenso ndege ikanyamuka.

Ndiyambe ndi kunena kuti ndine wokondwa, ndipo chimwemwe changa chikusefukira mpaka kwa oyandikana nawo. Lamulungu lapitali atalengeza m'tchalitchi kuti ukupita kunja kukapitiriza maphunziro, unaona wekha momwe amayi analulutira mpaka abusa kudikira kaye. Zomwe sunaone ndi zomwe zinandichitikira panja. Anthu anandizinga kufunsa ngati ukukaphunzira udokotala kapena uloya. Ndinawafotokozera momwe unandiuzira, kuti ukukaphunzira kasungidwe ka mabuku, zithunzi ndi mawu a anthu m'makompyuta, kuti zisatayike, ndi kuti zidzukulu za zidzukulu zidzazipeze pa intaneti. A Mwale, mkulu wa mpingo uja, anakanda m'mutu nati, "Ndiye kuti ndege yonseyo akukwerera kukaphunzira kusunga katundu? Amayi ake analephera kumuphunzitsa?" Tinaseka mpaka misozi. Sindinawatsutse, koma mumtima ndinkadziwa kukula kwa ntchito yomwe wasankha, chifukwa moyo wanga wonse ndakhala ndikusunga nkhope za anthu, zina n'kupulumuka, zina n'kundipulumuka.

Ndinayamba kujambula iwe usanabadwe. Kamera yoyamba ndinaigula kwa munthu wina wobwera kuchokera ku Joni, ya filimu, chikopa chake chothothoka. Ndinkaikoleka pachifuwa n'kupalasa njinga m'tinjira ta m'maesiteti a fodya, kuyambira kuno kwa Chulu mpaka cha ku Nkhamenya, komwe ndinakajambula mtsikana wina wa kwaya amene ankakana kumwetulira, ndipo mapeto ake ndinamukwatira. Nyengo yabwino inali fodya akapita ku okushoni, matenanti atalandira zawo. Munthu amene chaka chonse wakhalira kusoka ndi kusankha fodya m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni, tsiku limenelo ankasamba sopo wonunkhira, kubwereka jekete kwa kapitawo, wotchi kwa mnzake, wailesi kwa wina, n'kuima atagwira njinga yanga ngati ndi yake. Jekete limodzi linkazungulira amuna onse a pa esiteti. Chithunzicho ankatumiza kwawo ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, kuti abale aone kuti ku Kasungu zinthu zikuyenda. Ana ankandithamangira akufuula dzina lomwe anandipatsa, a Musaphethire, chifukwa ndiwo mawu omwe ndinkanena ndisanadine.

Filimu ikadzadza ndinkaitumiza ku Lilongwe kuti akaitsuke. Zithunzi zinkabwera pamodzi ndi manegetivu, timizere tapulasitiki tija pomwe munthu wakuda amaoneka woyera, mano ake n'kuda. Anzanga ojambula ankawataya, ena ankapatsa ana kuti aziyang'anira dzuwa. Inenso ndinkangowasiya pawindo. Amayi ako ndiwo anayamba kuwatola. Ankati nkhope ya munthu siiponyedwa kudzala. Ankawakulunga m'mapepala n'kuwaika m'thiranki yomwe anabwera nayo kuchokera kwawo, ataikweza pa njerwa kuti chinyezi ndi chiswe zisafikeko. Ine ndinkawaseka kuti ndani adzabwere kudzafuna zimenezo, poti eni ake atenga kale zithunzi zawo. Iwo ankangopitiriza kukulunga. Wezi, pa ntchito yakoyo udzamva funso limeneli kawirikawiri, ndipo olifunsa adzakhala anthu anzeru, otanganidwa, amene akufuna malo oika zina. Udzakumbukire kuti mwini wa chinthu chomwe ukusunga nthawi zambiri amakhala asanabadwe, kapena akadali kumsana kwa amayi ake. Sangabwere kumsonkhano kudzadziyankhulira. Udzamuyankhulire ndiwe.

Kenako kunabwera kamera yopanda filimu. Chimwemwe chomwe ndinali nacho nditaigwira koyamba chinali ngati cha munthu amene wagula ngolo atasenza pamutu moyo wake wonse. Kudina, n'kuona pompo, munthu akaphethira n'kufufuta. Zithunzi zikadzadza ndinkapita nazo ku boma kwa bambo wina wa shopu ya makompyuta, munthu wabwino, amene ankaziika pa masidi. Tsiku loyamba ananyamula sidiyo m'mwamba, ikunyezimira ngati utawaleza, nandiuza kuti chimenechi ife tonse tidzachisiya chili chibwerere. Sankanama dala, iyenso anauzidwa choncho. Ndinasunga masidiwo m'katoni pamwamba pa kabati, pansi penipeni pa malata, pomwe dzuwa la Okutobala limawotcha ngati m'balani youmitsira fodya. Patapita zaka, kunabwera banja lina la kwa Wimbe lomwe ndinalijambula pa ukwati wawo. Nyumba yawo inapsa pamodzi ndi zithunzi zonse, ndipo ankafuna ndiwatsukirenso. Ndinawauza modzitama kuti asade nkhawa. Nditafika ku shopu, kompyuta inangoti ng'urr, n'kulavula sidiyo. Titaiyang'ana padzuwa, inali itasupuka ngati njoka yofundula. Tinayesa ina, chimodzimodzi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. M'katoni imeneyo munapitanso chithunzi chako cha tsiku lomwe unkanyamuka kupita ku sekondale, uli m'yunifolomu yokukulira, ndowa kumanja, matiresi pamutu.

Ndinapalasa kupita kwa Wimbe kukawauza eni ukwati aja. Mwamunayo anawerama. Koma mkaziyo anandiyang'ana kanthawi, nati, "Mwamuna ndi yemweyu, sindinasinthe. Tijambuleninso." Loweruka lotsatira anabwereka diresi loyera ndi suti, ana awo akuluakulu n'kukhala aperekezi, mudzi wonse unavina ngati ukwati weniweni. Zinatha bwino, komabe zithunzi za unyamata wawo sizinabwerere. Ndiye mwana wanga, wina akadzakuonetsa chipangizo chatsopano n'kunena kuti ichi ndi cha mpaka kalekale, udzamwetulire mwaulemu, koma udzafunse kuti chikadzafa tidzasamukira kuti. Laputopu yako ya lero ilibe ndi pomwe poika sidi. Zomwe mukutama lerozi nazonso zidzakalamba. Ukaphunzire kusamutsa zinthu nyumba isanagwe, ndiponso kumazitsegula pafupipafupi kuti uone ngati zikadali zamoyo. Ine ndinkangoyang'ana katoni ili pamalo pake n'kumati zonse zili bwino, osadziwa kuti ndikusunga maliro.

Nditapsa ndi masidi, mphunzitsi wina wa pasukulu yathuyi anandiuza kuti anthu masiku ano amasunga zinthu kumitambo, kutanthauza m'makompyuta akuluakulu a kutali omwe umawafikira pa intaneti. Ananditsegulira malo anga, n'kuwalumikiza ndi nambala yanga ya foni, ndipo ndinasankha mawu achinsinsi omwe ndinkati sindingawaiwale. Kwa zaka zingapo ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa chigafa, pomwe netiweki imagwira, n'kumatumiza zithunzi kumwambako. Tsiku lina ndikuthirira nazale kudambo, foni inatsetsereka m'thumba la malaya n'kugwera m'chitsime. Inali nthawi ya ntchito, kenako kunabwera matenda a agogo ako, ndipo ndinangogula simu ina pa golosale. Pomwe ndinkafuna kutsegulanso zithunzi zanga, mawu achinsinsi aja anali atauluka m'mutu. Makinawo ankati atumiza manambala otsegulira ku nambala yanga yakale, koma nambalayo inali itaperekedwa kale kwa munthu wina. Zithunzi zili kumitambo, mwini wake ndili pansi, ndikungoyang'ana kumwamba ngati wodikira mvula.

Ukukumbukira kuti ndiwe unati tingoimba nambala yakaleyo. Anayankha mayi wogulitsa tomato ku Ntcheu. Nditamupempha kuti andiwerengere manambala omwe abwere pafoni yake, ananditcha wakuba wa pafoni, nadula. Sindinamudandaule, akuba otero alipodi. Ndinaimbanso, anandiuza kuti akandinenera kupolisi. Pamapeto pake amayi ako anatenga foniyo, nayamba kucheza naye za mitengo ya tomato, za ana, za mpingo, mpaka anafika pa nkhani ya amuna osasamala. Apo anagwirizana kwambiri. Madzulo ake mayiyo anatiwerengera manambalawo, zithunzi zonse n'kutseguka. Mpaka lero amatiimbira pa Khirisimasi. Koma taganiza, Wezi, ntchito yanga ya zaka inapulumuka chifukwa cha mtima wabwino wa munthu amene sindinamuonepo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kumene ukupitako akakuphunzitsa za mitambo imeneyi mozama, ndipo ndi zabwino. Koma uzikafunsa kuti nyumba ya kumitamboyo ndi ya yani, ndipo mwini wake akadzaitseka kapena kuigulitsa, zathu zidzatuluka bwanji. Chinthu chofunika chizikhala m'malo angapo otalikirana, kwinako kukhale pafupi ndi eni ake. Ndipo kiyi asamakhale m'mutu mwa munthu mmodzi, ngakhale munthuyo akhale iwe.

Tsopano ndifike pa nkhani ya Esitere, yomwe ndikukhulupirira kuti ndiyo inakutembenuzira ku ntchito imeneyi. Iwe unaona mbali yako, koma ndikufuna umve momwe ndinaionera ine. Unali pa tchuthi cha ku koleji pamene mayi uja anatsika pa njinga ya kabaza pakhomo pano, fumbi lili mbuu m'tsitsi, atachokera ku Phalombe. Anati akufuna a Musaphethire. Bambo ake anali tenanti pa esiteti ina kuno, ndipo anamwalira iye akadali wakhanda. Amayi ake anabwerera kumudzi ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemuwo, ndipo chinapita ndi madzi osefukira iye asanafike pozindikira. Tsopano amayiwonso anali atamwalira, ana ake a Esitere ankafunsa kuti agogo awo aamuna ankaoneka bwanji. Chomwe ankadziwa ndi dzina la wojambula lomwe amayi ake ankalitchula akuseka. Anafunsa dzina limenelo kuyambira pa depoti ya ku boma mpaka anafika.

Amayi ako anatsegula thiranki ija akundiyang'ana cham'mbali. Munatuluka fungo lowawasa ngati viniga, ndipo iwe unati ndicho chizindikiro choti manegetivuwo ayamba kufa. Ndinayamba kuwakweza pawindo mzere ndi mzere. Nkhope zinalimo zosawerengeka, amuna ovala jekete lomwelo, atagwira wailesi yomweyo. Apo mtima wanga unagwa. Panalibe dzina ngakhale limodzi. Nthawi yojambulayo ndinkawadziwa onse pamaso, ndipo sindinkaganiza kuti mutu umatha. Esitere anatchula dzina la bambo ake la pa ubatizo ndi la makolo, koma silinandikumbutse aliyense. Nayenso sakanawazindikira, poti sanawaonepo. Tinali ndi munthuyo m'manja mwathu, koma osadziwa kuti ndi uti.

Ndiwe unapeza njira. Unayatsa laputopu kuti galasi lake liwale mbee, n'kumagoneka manegetivu pamenepo, kuwajambula ndi foni, kenako kuwatembenuza kuti wakuda akhale wakuda, woyera akhale woyera. Ndinaima kumbuyo kwako ndikuona anthu omwe ndinawaiwala akutuluka mumdima mmodzimmodzi, ndipo ndinanyada kuti mwana ameneyu ndi wanga. Ntchitoyo inatenga masiku, Esitere akugona kwathu, akusenda mtedza ndi amayi ako. Unakabwereka pulojekita kwa abusa, tinalengeza kuti Lamulungu tikaweruka aliyense amene anagwirapo ntchito m'maesiteti abwere ku kalasi ya pasukulu. Tinatchinga mawindo ndi mabulangete, tinapachika nsalu yoyera ya pabedi pathu, batire ya sola ili pambali. Anthu anadzadza mpaka pakhomo.

Phokoso lomwe linali m'kalasimo sindidzaliiwala. Chithunzi chilichonse chikatuluka wina ankafuula dzina, wina n'kutsutsa, wachitatu n'kuwonjezera kuti munthuyo anakwatira kwakuti, anabwerera kwawo chaka cha njala, ankaimba bwino besi. Iwe unali pakona ukulemba zonse m'laputopu, zala zikuthamanga ngati nkhuku yotola mapira. A Mwale anatulukanso pansalupo ali mnyamata, mwendo uli m'mwamba, chipanda chili kumanja. Anayesa kunena kuti linali thobwa, koma akazi awo ndiwo anatsogolera kuseka. Dzina la bambo a Esitere lokha ndilo silinkamveka. Titapuma pang'ono, amayi ako anafunsa Esitere ngati amayi ake sanasimbepo kanthu kena kalikonse. Iye anati ankangonena kuti bambo ake anabwera ndi mbewu ya kalongonda kuchokera kwawo, n'kumadzala kuseri kwa kanyumba kawo, anthu a kuno akudabwa nyemba zophika tsiku lonse.

A Zgambo, kapitawo wakale uja amene diso limodzi linali litachita khungu, anagogoda ndodo pansi. Anati munthu ameneyo akumudziwa, ndipo pa esiteti palibe ankamutchula dzina la pa ubatizo. Anakuuza kuti ubwerere m'mbuyo pa zithunzizo, upitirire, ubwererenso. Kenako anaimirira nati, "Imitsa pomwepo. Jekete ilo ndi langa, koma munthuyo ndi Kalongonda." Akuluakulu ena awiri anavomereza. Pansalupo panali mwamuna wochepa thupi atakhala pampando, akuseka, pakati pa mano ake akutsogolo pali kampata. Esitere anayenda kupita kutsogolo mpaka mthunzi wake unaphimba chithunzicho, ndipo unachita kumupempha kuti asendere pambali. Atatembenuka kuti atiyang'ane, tonse tinaona kampata komweko m'mano ake. Koma iye sankayang'ana mano. Pabondo la mwamunayo panali khanda lovala kachipewa koluka, dzanja lalikulu litaligwira pamimba. Ananena motsitsa mawu, "Ndiye kuti anandinyamulapo." Amayi anayambitsa nyimbo, a Zgambo anavina ndi ndodo yawo, ine ndinatuluka panja ngati ndikukaona batire.

Wezi, ukasunge nkhope pamodzi ndi mayina ake. Chinthu chosungidwa bwino koma chopanda dzina n'chimodzimodzi chotayika. Ndipo usamangolemba dzina la pa chiphaso lokha. Lemba lomwe anthu ankamuitanira, mudzi wake, esiteti yake, ngakhale nyemba zomwe ankadzala, chifukwa wodzafufuzayo adzabwera ndi kachidutswa kokha komwe anamva kwa amayi ake. Uzilembanso m'zilankhulo zathu, Chichewa, Chitumbuka, Chilomwe, osati Chingerezi chokha. Ndipo usazengereze. A Zgambo tinawaika chaka chatha, anapita ndi mayina a anthu omwe sitinafike powaonetsa. Makina akhoza kudikira, koma okalamba sadikira.

Pali china chomwe chinachitika tsiku lomwelo, anthu atabalalika. Mayi wina amene sindimutchula dzina anatsalira, akunamizira kupinda mabulangete. Chithunzi chake chinali chitatuluka pansalu, ali mtsikana, ataima ndi mwamuna wake woyamba, munthu amene anamuzunza mpaka anathawa usiku ndi nsalu imodzi. Anthu anaombera m'manja kuti anali wokongola, iye anangowerama. Anabwera kwa iwe n'kunena kuti, "Sindikuti muchitaye. Muchisunge, koma musachionetsenso ine ndili moyo." Ndinaona momwe unamumvera, osamufunsa zambiri, n'kuika chizindikiro pa chithunzicho iye akuona. Ukapitirize choncho. Kumeneko ukamva zambiri zoti chidziwitso chikhale chotsegukira aliyense, ndipo n'zoona, pakuti pakanapanda kutsegula Esitere sakanawaona bambo ake. Koma kusunga ndi kwina, kuonetsa ndi kwina. Kamera inali yanga, thiranki ndi ya amayi ako, kompyuta idzakhala ya abwana ako, koma nkhopeyo ndi ya mwini wake. M'nkhokwe zomwe mudzamange mudzasiye zipinda zokhala ndi zitseko, ndipo eni ake adzakhale ndi mawu pa nkhani ya yemwe angalowemo.

Unandiuza kuti kukubwera makina ozindikira nkhope, owerenga zolemba pamanja, ndi omva mawu a munthu n'kuwalemba okha. Ine sindikuwaopa. Ndikanakhala nawo m'nthawi yanga bwenzi nditavina. Ukawaphunzire bwinobwino, usakachite manyazi kufunsa ngakhale ukaoneke wotsalira, paja safunsa anadya phula. Koma ukawayese ndi zathu. Ukawamvetsere mawu a agogo a ku Nkhamenya osakaniza Chichewa ndi Chitumbuka, uone ngati alemba zoona. Ukawaonetse nkhope zakuda zojambulidwa m'chigafa mopanda kuwala, uone ngati sasokoneza munthu ndi mnzake. Akalakwitsa ukanene, ndipo pakhale posonyeza kuti izi wanena ndi munthu, izi angoganiza ndi makina. Chinanso, chilichonse chomwe mudzamange uzidzachiyesa ndi foni yaing'ono yosweka galasi, bandulo yochepa, netiweki ya pachulu, magetsi atathima. Chikatseguka pamenepo ndiye kuti mwamangira ife. Esitere anayenda ulendo wautali chonchija chifukwa panalibe njira ina. Ndikufuna mwana wa tenanti wina adzapeze bambo ake atakhala pakhonde la kwawo.

Ukakalowa m'nyumba zosungira zakale za kumeneko, mwina ukapezamo zithunzi ndi nyimbo za anthu a kwathu zomwe alendo anatenga kalekale. Usakayambe ndi mkwiyo, poti pena akanapanda kuzisunga bwenzi kulibe. Ukayambe ndi kufunsa mwaulemu kuti zingabwerere bwanji kuno, ngakhale pa kompyuta, kuti eni ake azione n'kuziika mayina. Ndipo kulikonse komwe udzagwire ntchito, uziphunzitsa anzako zonse zomwe ukudziwa. Ndaona zitukuko zambiri kuno zikuyamba ndi nyimbo ndi zikwangwani, wozibweretsa akachoka n'kutsala chikwangwani chokha. Nkhokwe yako idzayesedwa tsiku lomwe iwe kulibe.

Zina ndi zomwe amayi ako akuuza kale, koma ndibwerezeko pang'ono kuti usadzati bambo sananene. Uzidya, usamakhalire tiyi ndi buledi chifukwa cha mayeso. Kukazizira uvale, usachite manyazi kuoneka ngati belo la fodya. Upeze mpingo ndi anzako oseka nawo, a kwathu ndi a mayiko ena omwe. Maso ukawapumitse, galasi la kompyuta si dzuwa. Mnyamata akadzakuyankhula zaulemu, umumvere, koma umuone momwe amachitira ndi anthu omwe sangamupatse kanthu, kenako utiuze ife tisanamve kwa ena. Zikadzakuvuta usabise poopa kutidandaulitsa. Ndipo uziimba foni ngakhale ulibe nkhani, amayi ako amangofuna kumva kuti watsokomola kapena ayi. Za kubwerera sindikukukakamiza ndi mawu, ukudziwa wekha komwe ntchito yako ikukudikira.

Ndikumva njinga yamoto kumsewu, mwina ndinu, ndiye ndimalize msanga. Pali kanthu komwe takukonzera mawa m'mawa. Pa anthu onse omwe ndajambula moyo wanga wonse, palibe chithunzi chomwe ine ndi iwe tili limodzi, poti nthawi zonse ndinkakhala kuseri kwa kamera. Ndiye sabata yonseyi, iwe ukachokapo, ndakhala ndikuwaphunzitsa amayi ako kujambula. Ayesera pa mbuzi, pa ngolo, ndi pa a Mwale. Mbuzi zinatuluka zopanda mitu, a Mwale anatuluka miyendo yokhayokha, koma dzulo ajambula tambala wathunthu kuyambira lipombo mpaka zala, ndipo akuti tsopano akonzeka. Minibasi isanafike tikaime pansi pa mtengo wa mango, dzuwa likhale kumaso kwathu, iwe kumanja kwanga. Ndasita kale jekete, ndipo ndi langalanga, losabwereka. Misozi ikabwera usaipukute, nanenso sindilonjeza kanthu. Akatidula mitu tidzaimanso, minibasiyo idikire.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga, upite ndi kufika bwino.

Ndine bambo ako okunyadira.